Njuli ndi mayunivesite a boma

Mwana wa ku Njuli, pamsewu wa Blantyre-Zomba m'boma la Chiradzulu, amaoneka wamwayi, pakuti mayunivesite a boma, kutanthauza oyendetsedwa ndi ndalama za misonkho, amuzinga: University of Malawi ili ku Zomba, MUBAS ku Blantyre, ndipo MUST, yomwe idayamba kulandira ophunzira mu 2014, ili ku Ndata ku Thyolo. Komatu malo ndi ochepa, ndipo yunivesite ya Katolika ku Nguludi, yomwe idatsegulidwa mu 2006, imalira fizi yomwe mlimi wa nandolo angavutike kuipeza. Komabe chigawo cha kumpoto ndicho chidadikira mopweteka kuti chikhale ndi yunivesite ya boma, chifukwa Mzuzu University idayamba kuphunzitsa mu 1999, patatha zaka zoposa 30 chitsegulireni University of Malawi.