Nyama za kumudzi zimafunanso kalembera

Boma la Lilongwe lilibe paki ya nyama ngati ya Kasungu, komabe nyama sizinatheretu. Ku Namitete, Nsaru, Kabudula ndi Mpingu, kumene tchire linasanduka minda ya chimanga, fodya ndi mtedza, zotsalazo zinathawira m'madambo, m'mphepete mwa mtsinje wa Bua, komanso m'nkhalango za kumanda momwe mwambo suloleza kudula mitengo mwachisawawa. Kumeneko kukadali nkhwali, nkhanga, akalulu, akadzidzi ndi mileme. Amene amazidziwa bwino ndi mlimi wa kudimba amene amalawirira mame asanakamuke, ndi mnyamata woweta ng'ombe amene amaloza chisa cha nantchengwa pamphanda ya mtengo. Anthu amenewa ndiwo ayenera kuchita kalembera wa nyamazi, chifukwa akatswiri ndi ochepa ndipo sangakhale pa dambo lililonse chaka chonse.

Njirayi inayesedwa kale. Mu 1900, Frank Chapman wa ku America anapempha anthu kuti pa Khirisimasi aziwerenga mbalame m'malo mozipha. Anayamba anthu 27, ndipo kalemberayo akuchitikabe chaka ndi chaka. Kuno kwathu poyambira palipo: bungwe loteteza nyama ndi zachilengedwe la WESM, lomwe linayamba mu 1947, lili ndi makalabu a zachilengedwe m'sukulu, ndipo buku la The Birds of Malawi la 2006 linalemba mitundu ya mbalame pafupifupi 650. Ana a sukulu atamalemba zomwe aona pa dambo limodzi mwezi uliwonse, pakatha zaka zingapo zingaoneke poyera ngati nkhwali zikuchepa chifukwa cha misampha, moto wolusa kapena kulima mpaka m'gombe.

Ena anganene kuti munthu wamba amasokoneza mitundu. N'zoona, koma chithunzi cha pa foni chikaikidwa pa tsamba la pa intaneti la iNaturalist ena amachitsimikiza, ndipo kumene kulibe foni kope ndi cholembera n'zokwanira, bola tsiku ndi malo zilembedwe. Nkhawa yaikulu n'njakuti kuulula pobisala nyama n'kuitana alenje, ndiponso kumanda salowako wamba. Apa mpamene mafumu ayenera kutsogolera: iwo anene kolowa ndi kosalowa, ndipo kope lisungidwe ndi komiti ya zachilengedwe ya m'mudzi. Mudzi wokhala ndi kaundula wakewake umakhala ndi umboni poletsa kutentha dambo kapena kugwetsa mitengo yotsala.