Geni ya pambali ndi nthawi ya abwana

M'maofesi a pa Chichiri ndi ku Ginnery Corner, ndi ochepa amene amadalira malipiro okha. Mayi wa ku akaunti ali ndi chikwama cha nsapato za kaunjika kunsi kwa desiki, dalaivala akaweruka amanyamula anthu opita ku Limbe, namwino wochoka pa shifiti ya usiku amadutsira ku kiliniki ya praiveti kukagwira lokamu. Abwana amadziwa, mwinanso mazira a kunyumba kwawo amagula kwa sekeletale wawo yemweyo, pangongole mpaka mwezi uthe. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, malipiro a ambiri sanakwere motero, ndiye angamudzudzule ndani munthu wa geni?

Kunja nkhaniyi amaiika poyera. Ku India mu 2022, kampani ya Wipro inachotsa antchito pafupifupi 300 itawapeza akugwiriranso makampani opikisana nayo. Dziko la Japan linatenga njira ina: mu 2018 boma linasintha chitsanzo cha malamulo a pantchito kuti ntchito yachiwiri iziloledwa. Ku South Africa, dokotala wa boma amene akufuna kugwiranso kwina ayenera kupempha chilolezo cholembedwa, m'ndondomeko yotchedwa RWOPS. Ena amaizembabe, koma pepala limakhalapo, ndipo wolakwa amadziwa chimene walakwira.

Ine ndingasankhe ya ku South Africa. Kwathu kuno timangokhala chete, ndipo m'chete momwemo wogulitsa mandasi ndi wobera abwana amaoneka ofanana, pomwe ndi osiyana kutalitali. Mphunzitsi wophunzitsa ana a ena Loweruka sanalakwire munthu. Koma amene amasiya dala mutu wovuta wa masamu m'kalasi kuti akauphunzitse madzulo kwa ana olipira okha, akugulitsa kawiri chinthu chimene boma linamulipira kale. N'chimodzimodzi dokotala amene amauza wodwala amene wakhala pamzere kuyambira mbandakucha kuti akamupeze ku kiliniki kwake.

Palinso kutopa. Lamulo lathu la ntchito la 2000 limaika malire a maola 48 pa sabata, koma maola a kwa bwana wachiwiri sawerengedwa ndi aliyense. Namwino amene sanagone usiku wonse ndi yemweyo amene 10 koloko m'mawa akuyeza mlingo wa mankhwala a mwana wodwala malungo.