Singano ya Mmisiri wa ku Malangalanga

Aliyense amene adayendapo mu mseu wa Malangalanga, pafupi ndi msika waukulu wa Lilongwe, adaŵaona amisiri osoka nsapato ali chikhalire m'makonde a masitolo. Pakati pao pali mnyamata wina amene adalekeza sukulu posoŵa fizi. Iyeyu adakopeka ndi manja a mkulu wina waimvi, amene amapaka phula ku ulusi, naboola chikopa ndi singano yangoŵe, maso ali kwina, koma msoko osapotoka ngakhale pang'ono.

Chikhalire Lilongwe likulu la dziko mu 1975, amisiri otereŵa akhala akudalira mabwana a ku Capital Hill ndi a ku Area 10, anthu odziŵa nsapato yabwino. Lero zinthu zathina. Kaunjika wadzaza msika, ndipo zikopa zambiri za ng'ombe ndi mbuzi zimapita kunja zosafufuta. Chikopa chofeŵa nchosoŵa.

Tsono mnyamatayo amaphunzirira pa zikwama zakutha za pakaunjika pomwepo. Lamba wake woyamba, mkulu uja adangomtembenuza kaŵiri, nammasula msoko wonse, namuuza kuti ayambirenso maŵa.