Shariya ya boma kumpoto kwa Nigeria: zomwe zimanenedwa ndi zomwe zinachitika

Ambiri amaganiza kuti malamulo a Chisilamu, otchedwa Shariya, anafika kumpoto kwa Nigeria mu 1999, pamene bwanamkubwa wa chigawo cha Zamfara, Ahmed Sani Yerima, analengeza kuti boma lake liyamba kuwatsata. Si choncho ayi. Oweruza achisilamu analipo kalekale, ndipo mphamvu zawo zinakula ndi ufumu wa Sokoto umene Usman dan Fodio anayamba kuumenyera nkhondo mu 1804. Atsamunda a ku Britain anawasiya pa ntchito, anangoletsa zilango ngati kudula manja. Kuchokera mu 1960 makhoti awo anatsala makamaka ndi nkhani za ukwati, chisudzulo ndi chuma cha masiye. Chatsopano chimene Yerima anabweretsa ndi kuwabwezera milandu ya kuba, chigololo ndi kumwa mowa, pamodzi ndi zilango zake. Pofika mu 2002, zigawo 12 mwa 36 za dzikolo zinali zitatsatira.

Ena amati zonsezi zinali changu cha pa chipembedzo basi. Changucho chinalipodi, ndipo tisachipeputse: anthu wamba anali atatopa ndi makhoti ozengereza, apolisi okonda ziphuphu ndi mbava zosagwidwa, choncho anakhamukira kumisonkhano akuyembekeza chilungamo chachangu chimene sichiyang'ana nkhope. Koma taonani nyengo yake. Ulamuliro wa asilikali unali utangotha mu May 1999, ndipo mpando wa pulezidenti unapita kwa Olusegun Obasanjo, Mkhristu wa kummwera. Andale a kumpoto anafunika chowakokera mavoti. Ku Kano, bwanamkubwa Rabiu Kwankwaso analandira Shariya mokankhidwa ndi khamu, ndipo mu 2003 anagonja kwa Ibrahim Shekarau amene analonjeza kuilimbitsa. Kuyambira pamenepo wandale aliyense anadziwa kuti kuoneka wofooka pa nkhaniyi n'kudzichotsa yekha pampando.

Chikhulupiriro chofala kwambiri kunja kwa Nigeria n'chakuti amayi amaponyedwa miyala kumeneko kawirikawiri. Zigamulo zotere zinaperekedwadi. Safiya Hussaini wa ku Sokoto anagamulidwa mu 2001, Amina Lawal wa ku Katsina mu 2002, onse chifukwa chokhala ndi pathupi ali kunja kwa banja, pamene amuna omwe anatchulidwa anangokana n'kumasulidwa. Dziko lonse lapansi linafuula. Chimene sichikumbukiridwa n'chakuti onse awiri anapambana pa apilo, ndipo amene anawamasula ndi makhoti a Shariya omwewo. Maloya awo anatsutsa chigamulo pogwiritsa ntchito malamulo a Chisilamu eni ake: kuti munthu ali ndi ufulu wobweza mawu ake ovomera mlandu, komanso chiphunzitso cha sukulu ya malamulo a Chisilamu ya Maliki chakuti mimba ingathe "kugona" kwa zaka zingapo, motero mwana akhoza kukhala wa mwamuna wakale. Kaya chiphunzitsochi chikugwirizana ndi sayansi kapena ayi, ntchito yake yopulumutsa mkazi inagwirika. Palibe chigamulo cha khoti choponya miyala chimene chinachitidwa. Zikwapu zokha ndiye zakhala zikugwa pamisana ya anthu ambiri.

Nanga lonjezo lija lakuti wamkulu ndi wamng'ono adzafanana? Apa ndiye pali chilonda. Woyamba kudulidwa dzanja, mu March 2000 ku Zamfara, anali Buba Bello Jangebe, ndipo mlandu wake unali kuba ng'ombe. Palibe nduna kapena bwanamkubwa amene anatayapo dzanja chifukwa chosolola ndalama za boma. Amene anaonekera m'makhoti anali osauka, ambiri osadziwa kuwerenga, opanda loya, ovomera mlandu asanamve kuti chilango chake n'chiyani. Zamfara yomweyo lero imadziwika ndi magulu a zigawenga oba ng'ombe ndi kuba anthu kuti alandire dipo. Ku Borno, mlaliki Mohammed Yusuf anapezera otsatira pa kukhumudwa komweku, akunena kuti Shariya ya andale ndi yachinyengo. Gulu lake ndilo linadzatchedwa Boko Haram, ndipo iye anaphedwa ali m'manja mwa apolisi mu 2009.

Aboma ankanenanso kuti Akhristu asade nkhawa chifukwa malamulowa ndi a Asilamu okha. Papepala n'zoona. Mumsewu zinthu n'zina. Ku Kaduna, kumene zipembedzo ziwirizi zili ndi anthu ambiri, mkangano wa Shariya unabutsa zipolowe mu February 2000 ndipo anthu oposa 1,000 anafa. Otsala ambiri anasamuka, Akhristu kummwera kwa mtsinje wa Kaduna, Asilamu kumpoto, ndipo mzindawu udakali wogawanika choncho. Ku Kano kuli Hisbah, apolisi oona za makhalidwe, amene mu 2005 analetsa amayi kukwera kabaza wa njinga yamoto woyendetsedwa ndi mwamuna, ndipo amaphwanya poyera mabotolo a mowa miyandamiyanda. Wogulitsa mowa amene katundu wake waphwanyidwa safunsidwa kuti amapemphera kuti. Anthu a kummwera sasiya kukumbutsa kuti zigawo zomwezi zimalandira nawo gawo la msonkho wa VAT, momwe mulinso ndalama za mowa. Hisbah yomweyo imayanjanitsanso mabanja ndi kuthandiza kukonza maukwati a anthu ambirimbiri nthawi imodzi, makamaka amayi amasiye ndi osudzulidwa, n'chifukwa chake ili ndi oikonda.

Obasanjo ananena kuti iyi ndi Shariya ya ndale ndipo idzazilala yokha. Anakhoza theka. Kudula manja kunasowa, koma malamulo ali chikhalire m'mabuku, ndipo funso lakuti akugwirizana bwanji ndi ndime 10 ya malamulo oyendetsera dziko, imene imaletsa boma kukhala ndi chipembedzo chake, abwanamkubwa amalilambalala. Mu August 2020 khoti la Shariya ku Kano linagamula kuti woyimba Yahaya Sharif-Aminu aphedwe chifukwa cha nyimbo imene anaitumiza pa WhatsApp, yomwe akuti inanyoza Mneneri Muhammad. Anaweruzidwa wopanda loya. Khoti lalikulu linalamula mu 2021 kuti mlanduwo uzengedwenso, koma maloya ake anapita nawo ku khoti la Supreme, akupempha kuti lamulo lenilenilo lithetsedwe.