Chiphaso cha Pamsika Timadula, Nanga Ndalamazo Amazigawa Ndani?

Amene amadutsa pampata wa pakati pa phiri la Mulanje ndi la Michesi amawadziwa mabwinja a Fort Lister. Angerezi anamanga linga limeneli m'chaka cha 1893 pofuna kutseka njira ya ogulitsa akapolo. Zimenezo n'zabwino ndithu. Koma boma lomwelo la Harry Johnston ndi limene linabweretsa msonkho wa nyumba, mashilingi atatu pachaka, ndipo makolo athu ambiri ankaupeza pokagwira ntchito m'minda ya Azungu. Za kumene ndalamazo zinkapita, palibe anawafunsa.

Ine ndine mlimi wa nandolo ndi mpendadzuwa kuno ku Phalombe, ndipo msonkho ndimalipira. Pogula malata muli msonkho, m'mayunitsi a foni muli msonkho, m'mafuta a galimoto yonyamula matumba anga muli ndalama ya misewu. Imeneyi imapita ku Lilongwe, kutali. Koma ulipo wina umene ndimapereka ndi dzanja langa tsiku la msika: chiphaso. Ndalama ya chiphaso ndi ya khonsolo, imatsala m'boma mwathu muno. Tsono ngati pali msonkho umene woupereka angayambe kulankhulapo, ndi umenewu.

Njira yake ilipo kale papepala. Lamulo la maboma ang'onoang'ono la 1998 linapereka mphamvu ku makhonsolo. Komiti ya VDC imamva zofuna za m'mudzi, imazipereka ku ADC, kenaka zimafika ku khonsolo. Vuto ndi lakuti pamisonkhano yotere timatchula zofuna popanda kudziwa kuti m'thumba muli zingati. Uyu akuti mjigo, uyo akuti mlatho, wina chipatala, ndipo zonse amalemba. Kulemba sikuvuta. Osankha zenizeni ndi amene akuona ndalamazo. Tisaiwalenso kuti kuyambira 2005 mpaka 2014 dziko lino linalibe makhansala, koma chiphaso sichinasiye kudulidwa.

Ku Brazil, mumzinda wa Porto Alegre, m'chaka cha 1989 anayamba kuchita mosiyana. Anthu a dera lililonse ankasonkhana ndi kuvotera ntchito zoyenera kuyamba, ndipo gawo lina la ndalama za mzinda linkatsata mavotiwo. Ambiri osauka anasankha mipopi ya madzi, ngalande za zonyansa ndi misewu ya kumene amakhala.

Alimi anzanga, ife sitikufuna zazikulu chotere. Pamsika uliwonse, kaya pa Migowi kaya pa Chiringa, pakhale bolodi losonyeza ndalama zimene zatoleredwa mwezi umenewo. Gawo lina la ndalamazo litsale pamsika pomwepo, ndipo kamodzi pachaka, tikatha kukolola, onse odula chiphaso avote: chimbudzi kodi, shedi yobisalamo mvula, kapena sikelo yoyesedwa ndi boma yoti mlimi aziyamba wapimapo thumba lake asanakumane ndi venda.

Ena amati anthu wamba sangasankhe bwino. Ine ndikukana. Amene anaona napolo wa ku Michesi mu 1991 ndi namondwe wa Freddy mu 2023 amadziwa kumene madzi amadutsa kuposa munthu wobwera ndi galimoto. Mantha anga ali pena: a magolosale amakhala pamsika tsiku ndi tsiku, amadziwana, pamene mayi wobwera ndi dengu la tomato kamodzi pasabata mawu ake angamire. Chifukwa chake voti ikhale yachinsinsi, munthu mmodzi voti imodzi, tsiku la msika lenileni. Komanso si ndalama zonse zoti tizivotera. Osesa ndi otolera ziphaso ayenera kulandira malipiro awo, tifune tisafune.

Kuyambira mu 2020 lamulo lopatsa anthu ufulu wopeza uthenga ku maofesi a boma likugwira ntchito, choncho wapampando wa VDC akhoza kulemba kalata kufunsa ndalama zimene msika wakwawo unatolera chaka chatha. Tsiku lovota likadzafika, ine ndidzavotera sikelo.