Fumbi ndi Kabuleta: Kumanga Fyuluta pa Njinga Yamoto

Msewu wa M3 wochoka ku Liwonde kupita ku Mangochi ndi wa phula, koma anyamata a kabaza a pa Ulongwe sapezera ndalama pa phula pokha. Makasitomala ambiri amalowa m'midzi ya kwa Kalembo, ena amatsata msewu wafumbi wolowera ku mtsinje wa Shire, kumene alendo amakwera boti kuwolokera ku Mvuu. Kuyambira Ogasiti mpaka mvula itagwa, njinga zikamayenda motsatana, yam'mbuyo imapuma fumbi lokhalokha.

Kuti injini iwotche bwino lita imodzi ya petulo, imakoka mpweya pafupifupi malita 9,000. Mpweyawo umadutsa mu kabuleta, mmene umasakanikirana ndi petulo, ndipo chotchinga fumbi ndi fyuluta basi. M'fumbi muli timchenga tolimba. Tikalowa n'kusakanikirana ndi oyilo, timanola silinda ndi maring'i a pisitoni ngati mwala wonolera mpeni. Njinga imayamba kufuka, kudya oyilo, kulephera chitunda chomwe kale inkakwera itanyamula anthu awiri.

Bokosi la fyuluta lobwera ndi njinga likasweka, ambiri amagula kafyuluta kozungulira kongoveka pakamwa pa kabuleta. Nkotchipa ndipo kamaoneka bwino, koma injini zambiri zimafera pomwepa. Musanagule, yezani kukula kwa kamwa la kabuleta mu mamilimita, kapena masulani kabuletayo mupite nayo kusitolo. Fyuluta ikakhala yaikulu, ena amakulunga malegeni pakamwapo kuti ithine. Malegeni akapsa ndi kutentha kwa injini, kenako n'kunyowa ndi petulo, amafewa, mpata n'kutseguka pomwe diso silifika. Mpweya sulimbana ndi siponji ya fyuluta ngati pali njira yachidule. Umadutsa pampatapo, fumbi lili momwemo.

Pomanga, pukutani kamwa la kabuleta, kankhani fyuluta mpaka labala yake itadutsa kamlomo ka kabuleta. Kilampu ikhale kuseri kwa kamlomoko, osati pamwamba pake. Mangani sikulu ya kilampuyo mpaka fyuluta ikane kuzungulira mukaipotoza ndi dzanja, musapitirire, chifukwa kilampu ikathina kwambiri imadula labala kapena kuifinyira kunja. Msewu wa mabampu umagwedeza fyuluta tsiku lonse, choncho ngati ili yolemera igwirizeni ku felemu ndi kachitsulo, ndipo muyesenso sikulu ija mukabwerako ulendo woyamba.

Fyuluta ya siponji imagwira fumbi pokhapokha itanyowetsedwa ndi oyilo. Itsukeni m'madzi a sopo, iume, muithire oyilo n'kuifinya mpaka isadonthe. Ya pepala siitsukidwa ndipo siifuna oyilo. Imangogogodedwa pang'ono, ikada kwambiri n'kusintha.

Pali china chimene ogulitsa satchula kawirikawiri. Fyuluta yapoyera, yongoveka pa kabuleta ija, imalowetsa mpweya wambiri kuposa bokosi lija, petulo n'kuchepa m'kusakaniza. Injini imatentha, imatsamwa mukapotoza mafuta, ndipo kotentha ngati ku Balaka zimenezi zikhoza kuwononga pisitoni. Pulagi ndiyo imaulula. Nsonga yake ikayera mbuu, petulo akuchepa, makanika asinthe jeti ya mu kabuleta. Ikada bii ndi mwaye, mpweya ukuchepa, mwina fyuluta yatsekeka. Yabwino imakhala yofiirira. Nayo mvula ikayamba, fyuluta yapoyera imamwa madzi ndi matope.

Pakatha sabata, masulani fyuluta, pisani chala choyera m'kamwa mwa kabuleta. Chikatuluka ndi fumbi, penapake pali mpata, ndipo musalize injini musanaupeze. Kwa njinga yogwira ntchito m'misewu ya ku Ulongwe, bokosi lobwera nalo ndi siponji yonyowa oyilo ndi labwino kuposa fyuluta yapoyera. Ngati lasweka, funani lina.