Nyimbo zomwe amayi ankati ndi za satana

Heavy metal inandipeza mwangozi. Ndili Fomu 3 ndinapita kwa mnyamata wina woika nyimbo m'mamemori khadi pamsika kuti andiikire za Lucius Banda ndi rege pang'ono. Malo atatsalako iye anangothiramo foda ina, nati: "Aise, izi palibe amazifuna, ukazifufute wekha." Usiku ndili pamphasa, mahedifoni kukhutu, ndinatsegula nyimbo yoyamba. Munamveka mvula, mabingu, belu la tchalitchi, kenaka gitala linangoti khuu! ngati chitseko chachitsulo chagwa. Ndinazula mahedifoni mtima uli phaphapha. Sipanathe mphindi ziwiri, ndinawabwezeranso.

Nyimboyo inali "Black Sabbath" ya gulu la dzina lomwelo. Inatuluka pa 13 February 1970, ndipo ambiri amati heavy metal inabadwira pomwepo.

Vuto linayamba tsiku lomwe amayi anandipeza ndikugwedeza mutu kuseri kwa nyumba. Anatenga foni, kumvera pang'ono, kuyang'ana chithunzi cha amuna a tsitsi lofika m'mapewa, basi nkhope inasintha. "Iwe, wayamba liti za satana?" Foni inagona m'sutikesi mwawo sabata ziwiri, ndipo dzina langa linatchulidwa kumapemphero a amayi a Lachinayi. Sindiwadzudzula ayi. Kwathu kuno mawu akuti "satanic" si nthabwala, anthu amathamangitsidwa nawo m'mudzi. Inenso ndinali ndi mantha, n'chifukwa chake bandulo yoyamba yomwe ndinagula foni itabwerera inathera pofufuza kuti anthu amenewa ndi ndani kwenikweni.

Ndinapeza anyamata anayi a ku Aston, dera la anthu osauka mumzinda wa mafakitale wa Birmingham ku England: Ozzy Osbourne, Tony Iommi, Geezer Butler ndi Bill Ward. Nkhani ya Iommi ndi yomwe inandigwira. Ali ndi zaka 17 ankagwira ntchito pafakitale yodula zitsulo. Pa tsiku lake lomaliza pantchitopo, akufuna kukayamba zoimba, makina anamudula nsonga za zala ziwiri zakumanja. Iye ndi wamanzere, ndiye kuti zalazo ndi zomwe ankadinira nsambo za gitala. Mkulu wina wapantchito anamumvetsera nyimbo za Django Reinhardt, katswiri wa gitala yemwe ankaimba ndi zala ziwiri zokha atapsa ndi moto. Iommi anasungunula botolo lapulasitiki la sopo, n'kupanga timazenga toveka kuzalako, n'kutikuta ndi chikopa. Pambuyo pake anayamba kukhwefula nsambo kuti zisamamupweteke. Nsambo yokhwefuka imalira motsika, molemera. Kulemera komwe kunandiopsa usiku uja kunachokera kudzanja lopunduka la mwana wa ganyu.

Nanga dzina loopsalo? Analitenga pa kanema woopseza wa mu 1963, ataona kuti anthu amalipira ndalama kuti akachite mantha. Butler, yemwe ankalemba mawu a nyimbo zambiri, anakulira m'banja la Chikatolika, ndipo mitanda yomwe ankavala poyamba anawapangira ndi bambo ake a Ozzy. "War Pigs" ikudzudzula akuluakulu oyambitsa nkhondo n'kutumizako ana a amphawi. Ngakhale chizindikiro cha zala ziwiri chija, chomwe ena amati ndi nyanga za mdyerekezi, anachitchukitsa ndi Ronnie James Dio, ndipo ankati anachiphunzira kwa agogo ake aakazi a Chitaliyana omwe ankathamangitsira nacho tsoka.

Ndisakunamizeni, zoipa ziliko. Ku Norway chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, anyamata ena a black metal anawotcha matchalitchi, ena mpaka anapha anthu. Magulu ena amaimbadi zonyoza chipembedzo, ndipo ine ndimangowadumpha. Koma kuweruza metal yonse ndi amenewo kuli ngati kuletsa mpira chifukwa masapota ena anagendana.

Chinandisungabe m'nyimbozi si mbiri yakeyi. Ndi chaka chomwe ndinakhala pakhomo nditalemba MSCE, ntchito kulibe, fizi ya kukoleji kulibe, mkwiyo uli tho pamtima koma wopanda poutula. Nyimbo za pawailesi zinkandiuza kuti ndivine kapena ndidikire. Metallica, Iron Maiden ndi Sepultura ya ku Brazil sizinkanditonthoza, zinkakwiya nane limodzi. Ukatha "Master of Puppets" ya 1986, mphindi zoposa zisanu ndi zitatu zofotokoza momwe mankhwala ozunguza bongo amamusandutsira munthu kapolo, umachita kupuma mozama ngati watula thumba la chimanga. Achinyamata ambiri anaidziwira mu Stranger Things mu 2022 n'kumayesa ndi yatsopano. Tinangoseka ife akale.

Ndipo musamati ndi za azungu okha. Tsidya lino la Zambia, m'ma 1970, Paul Ngozi ndi gulu la WITCH ankaliza magitala okalipa omwe lero amatchedwa Zamrock. Ku Botswana kuli Wrust, Skinflint ndi Overthrust ya ku Ghanzi, ndipo okonda metal kumeneko amavala zikopa zakuda ndi zipewa za akapitawo a ng'ombe dzuwa likuswa mtengo. Kuno tilipo ochepa. Mu minibasi sungapemphe dalaivala kuti aike Slayer. Timadziwana ndi malaya basi: ukaona wina wavala tisheti ya Iron Maiden umayamba wamufunsa nyimbo imodzi, chifukwa kawirikawiri anangoitola pa kaunjika.

Pa 5 July 2025 anayi aja anaimba komaliza pabwalo la Villa Park, kwawo ku Aston. Ozzy anaimba atakhala pampando chifukwa cha matenda a Parkinson's. Patatha masiku 17 anamwalira ali ndi zaka 76. Ndinaika chithunzi chake pa status ya WhatsApp, ndipo madzulo foni inalira. Anali amayi.

"Wamwalira ndani, mnzako?"

"Ayi amayi, ndi woimba uja munandilandira foni uja."

Anakhala chete pang'ono. "Wa phokoso uja? Anali ndi ana?"

Ndinati eya, ndi zidzukulu zomwe.

"Pepa mwanawe," anatero, kenaka n'kufunsa ngati ndatumiza ndalama ya feteleza.